Thuso Mbedu anafika bwanji kwa Barry Jenkins kuchokera ku Pietermaritzburg?

Nambewe_K
Abale, pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Dzina la Thuso Mbedu, wosewera wa ku South Africa, likangotchulidwa, anthu amati "ameneyo ndi mwayi basi, anachita kumutola." Ena mpaka akuuza ana kuti sukulu ya zisudzo n'kutaya ndalama, poti amene anamulembera amangotulukira yekha. Ine zikundivuta kukhulupirira kuti mtsikana wa ku Pietermaritzburg angangodzuka m'mawa n'kupezeka akutsogolera sewero la Amazon la magawo 10, The Underground Railroad, limene director wake ndi Barry Jenkins. Inu amene mumatsata bwino za makanema, tandiyalirani njira yake. Anayambira pati, anadutsa makomo ati, ndipo khomo lililonse linatseguka ndi chiyani? Ndikufuna zenizeni, osati mawu ongolimbitsa mtima.

Kaliwo_wa_Script
Achemwali, tiyambe ndi zaka, chifukwa zikayalidwa bwino mkangano umachepa.

Anabadwa pa 8 July 1991 ku Pietermaritzburg, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi agogo ake aakazi ku Pelham. Sekondale anaphunzira pa Pietermaritzburg Girls' High School. Poyamba mtima wake unali pa udokotala wa matenda a khungu. Zisudzo anazitenga ngati phunziro la m'kalasi atafika Grade 10, ndipo m'pamene maganizo anatembenuka. Kuchoka apo anapita ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, komwe anaphunzira Physical Theatre ndi Performing Arts Management, n'kumaliza mu 2013. Mu 2012, asanamalize, anakachitako kosi pa Stella Adler Studio of Acting ku New York.

Pa kanema anayamba kuoneka mu 2014, ndipo anayamba ndi timbali tating'ono: Isibaya, Kitso mu Scandal!, ndi Boni Khumalo mu Saints and Sinners. Zitatero ntchito inauma, anakhala pafupifupi miyezi 6 osagwira kanthu. Mbali yaikulu yoyamba inali ya Winnie mu Is'Thunzi, sewero la achinyamata limene linayamba kuonetsedwa pa Mzansi Magic mu October 2016. Mbali imeneyi ndi imene inamuika pa mndandanda wa opikisana pa International Emmy kawiri, mu 2017 ndi mu 2018, n'kumupatsanso mphoto ya SAFTA, ya makanema a ku South Africa, mu 2018. Pakatipo anaonekanso mu MTV Shuga Down South ngati Ipeleng, ndi mu Generations: The Legacy.

Audition (mayeso osankhira osewera) ya The Underground Railroad anaijambula mu November 2018 ali ku New York, komwe anapitira mwambo wa International Emmy wachiwiri uja. Analengezedwa kuti watenga mbali ya Cora, kapolo wothawa amene ndi mwini nkhani, mu April 2019, ndipo sewerolo linatuluka mu May 2021. Kuchoka 2014 kufika 2021 ndi zaka 7 ali pa kamera, osawerengera za ku Wits.

Dzuwa_Lawala
Ndiye mwangotsimikiza zomwe anthu amanenazo. Akanapanda kupezeka ku New York mwezi umenewo, bwenzi lero akadali mu soapie, masewero a pa TV a tsiku ndi tsiku aja. Umenewo si mwayi?

Kaliwo_wa_Script
Mwayi ulipo, palibe akukana. Koma funsani kuti chinamupititsa ku New York n'chiyani. Sanapite kokacheza. Ku International Emmy, kampani imene inapanga sewero kapena wayilesi imene inalionetsa ndi imene imalitumiza, oweruza a m'mayiko osiyanasiyana amalionera, n'kusankha anthu anayi okha pa gawo la wosewera wamkazi. Ntchito imene anagwira mu Is'Thunzi ndi imene inamugulira tikiti ya 2018.

Mphatso265
Tikonzeko pang'ono apa, chifukwa ambiri amasokoneza. International Emmy si Primetime Emmy imene mumaona ku Los Angeles. Iyi imaperekedwa ku New York mwezi wa November, ndipo ndi ya mapulogalamu opangidwa kunja kwa America. Thuso sanapambane maulendo onse awiri: mu 2017 anatenga Anna Friel, mu 2018 Anna Schudt. Komanso pa Primetime Emmy ya 2021 dzina lake silinalowe n'komwe pa mndandanda, ngakhale sewerolo linalowa. Zimene anapata pa mbali ya Cora ndi Gotham Award ndi Independent Spirit Award. Tikamauza achinyamata tiziwauza zolondola.

Dzuwa_Lawala
Chabwino. Nanga Abraham Attah wa ku Ghana? Anam'peza akusewera mpira, sukulu ya zisudzo sanapondeko, koma mu 2015 anakatenga mphoto ku Venice. Madina Nalwanga wa ku Uganda anam'peza m'kalasi yovina ku Kampala, n'kukatsogolera filimu ya Disney mu 2016. Amenewa anadutsa Wits iti?

Gogo_wa_Zisudzo
Mwanawe, zitsanzo zako n'zoona, koma ndi mtundu wina wa khomo. Opanga filimu akafuna mwana wa zaka 12 kapena 14 woti aoneke ngati wakuliradi m'dera limenelo, sapita kwa ma agent (opezera osewera ntchito), amapita m'masukulu, m'mabwalo a mpira, m'misika. Sakufunafuna luso lophunzira ayi, akufunafuna mwana amene nkhope yake, kayendedwe kake ndi kalankhulidwe kake zikufanana kale ndi munthu amene ali mu script. Akam'peza, director amamuumba scene ndi scene, nthawi zina kumuuza zochita kamera ili mkati mojambula.

Vuto limabwera pa filimu yachiwiri. Mwana uja wakula, mawu asintha, nkhope yatalika, ndipo mbali yotsatira sikufanananso ndi moyo wake. Tsopano akufunika kudziwa kuwerenga script yekha, kupeza chimene munthu wa m'seweroyo akufuna, kusintha kalankhulidwe, kupikisana ndi anzake mazana amene anaphunzira. Attah atatha filimu yake yoyambayo, Beasts of No Nation, anapita kukaphunzira ku America, ndipo mu Spider-Man: Homecoming ya 2017 mbali yake inali yaing'ono kwambiri. Si kulephera kumeneko, mwana anasankha sukulu ndipo anachita bwino. Koma zikusonyeza kuti kutoledwa kumakupatsa filimu imodzi. Funso la a Nambewe ndi la munthu amene wakhala akugwira ntchito zaka zoposa 10.

Tiyanjane_M
Onjezaninso Lupita Nyong'o. Naye anadutsa mu Shuga ya ku Kenya mu 2009, kenako anapita ku Yale School of Drama, anamaliza mu 2012, Oscar anatenga mu 2014. Ndipo asanayambe zonsezo anagwirako ntchito yotumidwatumidwa pa malo ojambulira filimu. Anthu amangokumbukira usiku wa mphoto uja.

KameraWachiwiri
Ine ndikufuna kutsutsa pang'ono mbali ya sukulu, chifukwa mukuikweza mopitirira. Maphunziro a pa siteji amamuwononganso munthu pa kamera ngati sanasinthe. Pa siteji umaphunzitsidwa kuti mawu afike mzere womaliza wa holo, manja atambasuke, nkhope ioneke kutali. Ukabwera nazo zimenezo pa close-up, pamene chithunzi chonse ndi kuyambira pachibwano kufika pamphumi, umaoneka ngati ukukuwa. Kukweza nsidze kamodzi kokha pamenepo n'kwakukulu ngati kudumpha pa siteji.

Ndiye pali zinthu zimene palibe kalasi ingakuphunzitse bwino kuposa kugwira ntchito. Pansi amamata tepi pamalo pamene uyenera kuima. Uyenera kufikapo osayang'ana pansi, chifukwa wosunga focus wayeza kale mtunda kuchoka pa kamera kufika pamenepo. Ukapitirira ndi phazi limodzi, nkhope imachita mbuu, take (ulendo umodzi wojambula) yawonongeka. Scene imodzi imajambulidwa kangapo: patali, pakati, pafupi, kenako mbali ya mnzako. Ngati pa take ya patali unanyamula kapu ndi dzanja lamanja pa liwu lakutilakuti, uyenera kuteronso pa ma take ena onse, apo ayi wolumikiza zithunzi sangazilumikize, ndipo adzasankha nkhope ya mnzako m'malo mwa yako. Kamaikolofoni amakubisira pachifuwa: ukadziguguda pamtima polira, wa sound amangomva phokoso. Ukalowa m'mawu a mnzako asanamalize pa close-up yake, mwawononga nonse.

Zimenezi Thuso anaziphunzira mu timbali tating'ono tija ta 2014 ndi 2015. Ndiye musazione ngati zaka zotayika.

Gogo_wa_Zisudzo
Apo tikugwirizana theka. Koma onani chimene anaphunzira ku Wits: Physical Theatre, kufotokoza nkhani ndi thupi mawu asanabwere. Cora salankhula kwambiri. Muli ma scene aatali amene kamera yangokhala pankhope pake, iye ali chete, koma woonera akudziwa kuti akuopa, akuwerengera pothawira, kapena wakumbukira mayi ake. Mapewa okha, mmene amawakokera m'kati mzungu akalowa m'chipinda, akukuuza zaka zonse zimene wakhala pa munda wa thonje uja. Zimenezo si za soapie. Soapie imakuphunzitsa liwiro, siikupatsa nthawi yofufuza thupi.

KameraWachiwiri
Liwirolo musalipeputse, agogo. Tsamba limodzi la script ndi pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Filimu yaikulu imajambula masamba awiri mpaka asanu pa tsiku. Soapie yotuluka masiku asanu pa sabata iyenera kujambula pafupifupi gawo lathunthu tsiku lililonse, mphindi zoposa 20, ndi makamera angapo nthawi imodzi. Take yachitatu ndi mwanaalirenji kumeneko. Munthu amene wadutsa m'moto umenewo amaloweza mawu usiku umodzi, ndipo director akamuuza kuti sintha apa, amasintha pompo. The Underground Railroad anaijambula masiku 116 ku Georgia, maola pafupifupi 10 a sewero, ndiye kuti mphindi ngati 5 pa tsiku, ndipo iye ali m'magawo ambiri. Popanda chizolowezi chodzuka 4 koloko m'mawa mawu ali kale m'mutu, munthu amagwa mwezi wachiwiri.

Nambewe_K
Apa ndiye mukundipatsa zomwe ndimafuna. Koma audition yojambula wekha ija imayenda bwanji kwenikweni? Munthu amangodzijambula pa foni n'kutumiza?

Self_Tape_Mw
Pa foni inde, koma pali malamulo ake, ndipo ambiri amagwa asanayambe n'kulankhula komwe.

Agent amakutumizira masamba ochepa a script, nthawi zambiri awiri mpaka asanu, ndipo nthawi yobweza imakhala tsiku limodzi kapena awiri. Foni igone chopingasa, isaime chilili ngati ya TikTok. Ikhale pa msinkhu wa maso ako, yokhazikika pa tripod kapena pa mabuku osanjikiza, osati m'manja mwa munthu. Kumbuyo kwako kukhale khoma lopanda kanthu, lotuwa kapena la buluu, popanda kalendala, makatani amaluwa kapena chitseko chotsegula. Kuwala kuchokere kutsogolo. Yang'ana zenera, usalifulatire. Ili ndi vuto lalikulu kwa ife akhungu lakuda: zenera likakhala kumbuyo, foni imayeza kuwala kwa zeneralo, nkhope imasanduka mthunzi, maso osaoneka, pamene casting director, wosankha osewera, akufuna maso omwewo. Chithunzi chiyambire pachifuwa kufika pamwamba pang'ono pa mutu.

Pafunika munthu wachiwiri wowerenga mawu a mnzako wa mu scene. Aime pambali penipeni pa foni, asaoneke, ndipo alankhule motsitsa chifukwa ali pafupi ndi maikolofoni kuposa iwe. Iwe uziyang'ana iyeyo, osati diso la kamera. Diso la kamera umaliyang'ana podzitchula pokha: dzina, kutalika kwako, mzinda umene uli, ndi agent wako. Tseka mawindo a mbali ya msewu, zimitsa fani ndi firiji. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, ndiye yala bulangete pansi kapena pachika lina kuseri kwa foni.

Jambula kangapo koma tumiza take imodzi, kapena ziwiri ngati apempha ndipo zikusiyanadi. Fayilo uipatse dzina mmene anenera, kawirikawiri dzina lako ndi la mbaliyo. Ndipo usavale zonse za m'sewero. Ngati mbali ndi ya namwino, malaya wamba a mtundu umodzi akwanira.

Tepi ikakondedwa m'pamene amakuitana pamaso. Kwa Thuso zinatero: tepi kaye, kenako kukaonana ndi casting director Francine Maisler, kenako Barry Jenkins mwini wake.

Achimwene_a_Bangwe
Nanga agent amapezeka bwanji? Pa Facebook pali masamba ambiri onena kuti lipirani ndalama yolembetsa tikupezereni mbali mu filimu.

Self_Tape_Mw
Thawani, achimwene. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Agent weniweni salipiritsa polowa. Amadya iwe ukadya. Ku America amatenga 10 peresenti ya malipiro a ntchito imene wakupezera, manager amatenga yakenso 10 mpaka 15, ndipo ukafika pofuna loya wa makontirakiti, iyeyo amatenga 5. Ndiye pa ndalama imene mumamva kuti wakuti walandira, kotala kapena kuposerapo yapita msonkho usanadulidwe. Wina akakuuza kuti lipira kaye, kapena kuti zithunzi ukajambulitse kwa m'bale wake pa mtengo wokwera, ameneyo bizinesi yake ndi iweyo, osati mafilimu.

Ku South Africa ma agent odalirika ambiri ali m'bungwe la Personal Managers' Association, ndipo amapita okha kukaonera masewero a ophunzira a chaka chomaliza ku Wits, ku AFDA, ku Market Theatre Laboratory. Phindu lina la sukulu ndi limenelo, limene silitchulidwa kawirikawiri: imakuika pamalo pamene ma agent amabwera kudzasankha. Amene sanadutse kumeneko amatumiza yekha zinthu zitatu: chithunzi cha nkhope chooneka mmene ulili lero, CV ya tsamba limodzi, ndi showreel, kavidiyo koonetsa zimene wasewerapo, ya mphindi ziwiri kapena zitatu. Mu showreel yamba ndi scene imene ukulankhula ndipo nkhope yako ikuoneka bwino. Osayamba ndi nyimbo ndi zithunzi zothamanga, chifukwa oonera amaweruza pa masekondi oyambirira.

Tiyanjane_M
Pali chinthu china chimene chinamuthandiza Thuso chimene palibe watchula: amaoneka wamng'ono kuposa zaka zake. Pa Is'Thunzi anali ndi zaka 25 akusewera mtsikana wa kusekondale. Pa filimu ya The Woman King anali ndi zaka 30 akusewera Nawi wa zaka 19. Opanga masewero amakonda kwambiri munthu wotero. Mwana weniweni ali ndi malamulo omuteteza: ku South Africa wosakwana zaka 15 amafunika chilolezo cha unduna wa zantchito, maola ake pa tsiku ndi owerengeka, ndipo sukulu yake siyenera kusokonezeka. Wamkulu wooneka ngati mwana amagwira tsiku lathunthu, amajambula usiku, ndipo angathe kusewera nkhani zolemera zimene mwana sangaloledwe. N'chifukwa chake pa CV salemba zaka zako zenizeni, amalemba zaka zimene ungasewere, mwachitsanzo 16 mpaka 24.

MayiAwiri
Pamenepo pa ana ndiimepo, chifukwa makolo ena akuwerenga. Ku California kuli lamulo lotchedwa Coogan, linayamba mu 1939 Jackie Coogan, amene ankasewera mafilimu ali mwana, atakula n'kupeza kuti ndalama zimene anapanga ali mwana zinadyedwa ndi makolo. Masiku ano 15 peresenti ya malipiro a mwana imaikidwa mu akaunti yotsekedwa mpaka atakwana zaka 18. Kwathu kuno mwana akaitanidwa kukasewera, kholo lifunse zinthu izi lisanavomere: maola angati pa tsiku, adzamuyang'anira ndani, script yonse ikuti chiyani osati scene yake yokha, chithunzi chake chidzagwiritsidwa ntchito kuti ndipo kwa zaka zingati. Zonse zilembedwe. Ndipo mwana asapite yekha ku audition ya kunyumba kwa munthu kapena ku loji, ngakhale woitanayo atchuke bwanji.

Wa_ku_Wimbe
Popeza mwatchula ana, ine funso langa ndi lakale lomwe lija. Filimu ya William Kamkwamba anaijambula konkuno ku Kasungu, nkhani yathu, chilankhulo chathu, koma mbali ya William anapatsa Maxwell Simba wa ku Kenya. Malawi yense analibe mnyamata? Chichewa chimene chimamveka m'menemo nonse munachimva.

Achimwene_a_Bangwe
Zoona zimenezo. Mawu ena mpaka timachita kuwerenga Chingerezi cha pansi kuti timve Chichewa chathu chomwe.

Kaliwo_wa_Script
Za katchulidwe sindikutsutsa, khutu la Mmalawi silinamizika. Koma tione mmene ntchito imayendera. Amene akusaka wosewera kuchokera ku London amayamba ndi mizinda imene ili ndi ma casting director ndi ma agent okhala ndi mndandanda wa anthu, zithunzi ndi matepi: Nairobi, Johannesburg, Cape Town, Lagos. Kumeneko ukatumiza uthenga lero, mawa walandira matepi makumi. Dziko limene lilibe dongosolo limenelo, ngakhale lili ndi ana aluso, ofufuza amayenera kuyenda sukulu ndi sukulu, ndipo nthawi ndi ndalama zimawathera. Mnyamata wa luso amene palibe anamujambulapo, kwa casting director ali ngati kulibe.

Komanso tisaiwale kuti Lily Banda, Mmalawi, anasewera Annie, mlongo wake wa William, ndipo chaka chomwecho cha 2019 anaonekanso mu sewero la pa TV la ku Britain la Deep State. Ndiye khomo silinatsekedwe kotheratu.

Wa_ku_Wimbe
Mbali ya mlongo si mbali ya William. Dandaulo langa likadalipo.

Gogo_wa_Zisudzo
Ndipo ndi dandaulo loyenera, lisungeni. Koma yankho lake lili pa zimene a Kaliwo anena. Achinyamata athu amayambira bwino: mpikisano wa ATEM m'masekondale, NASFEST, ena n'kupita ku University of Malawi ku Zomba. Onsewa ndi a pa siteji, ndipo sewero likatha palibe chotsala choti n'kutumiza kunja. Ngati chilipo, ndi vidiyo yojambulira kumbuyo kwa holo, anthu akuoneka ngati nyerere, mawu akumira m'phokoso. Wachinyamata akufunika timafilimu tatifupi ta mphindi 5, anthu awiri, chipinda chimodzi, maikolofoni yabwino. Ndalama yochepa imene ilipo ipite ku sound, chifukwa chithunzi cha foni anthu amachikhululukira koma mawu osamveka amatseka pomwepo.

Ndipo njira ya mphoto imene inamutengera Thuso ku New York ilipo pa msinkhu wathu. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapambana pa AMVCA, mphoto za makanema a mu Africa, mu 2016, ya Shemu Joyah ya The Road to Sunrise inapambananso mu 2018, zonse pa gawo la kum'mwera kwa Africa. Wosewera amene ali m'filimu yotero ali ndi choonetsa.

Nambewe_K
Tabwererani kwa Thuso, abale, Kasungu tidzaitsegulira ulusi wake. Miyezi 6 yopanda ntchito ija ikundidabwitsa. Munthu waoneka kale pa masewero atatu otchuka, akhala bwanji opanda ndalama?

Mphatso265
Chifukwa kuoneka pa TV si kulembedwa ntchito. Ku South Africa osewera akhala akutengedwa ngati anthu odzigwirira okha: amalipidwa pa tsiku limene aitanidwa kapena pa kontirakiti ya nyengo yochepa, popanda penshoni kapena tchuthi cholipidwa. Wa mbali yaing'ono angaitanidwe masiku atatu mwezi wonse. Olemba script akaganiza kuti munthu wako asamuke kapena afe, ntchito yatha sabata yomweyo. Sewero likamabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja, ambiri salandira kanthu, ndipo South African Guild of Actors yakhala ikumenyera nkhani imeneyi kwa zaka zambiri kudzera mu Performers' Protection Amendment Bill. Ku America a bungwe la osewera la SAG-AFTRA ali ndi malipiro a kubwereza olembedwa m'mapangano awo. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti munthu azipatsidwa moni mu minibasi ndi anthu omudziwa pa TV, iye alibe ya renti.

Amene amapirira nyengo zoterezi ndi amene ali ndi ntchito zapambali za mumsewu womwewo: mawu a zotsatsa malonda pa wayilesi, masewero a m'makampani ndi m'masukulu, kuphunzitsa ana. Zimasunga luso, ndipo zimakusiyira mpata wothamangira ku audition.

Dzuwa_Lawala
Nanga kalankhulidwe? Mzulu kulankhula ngati kapolo wa ku Georgia wa zaka za m'ma 1800, zimenezo amaphunzira kusukulu?

Tiyanjane_M
Maziko ake inde, zotsalazo ndi ntchito ya mbali iliyonse. Pamakhala mphunzitsi wa kalankhulidwe amene amagawa script liwu ndi liwu: lilime likhale pati, liwu liti likokedwe, "r" amveke kapena amezedwe. Thuso anamveranso matepi akale a anthu amene anakhalapo akapolo akufotokoza okha moyo wawo. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kuphunzira kalankhulidwe ka m'mafilimu a masiku ano n'kuganiza kuti America yense amalankhula chimodzimodzi. China n'chakuti munthu amakagwira bwino ali phee, koma scene ikafika polira kapena pokalipa, lilime limabwerera kwawo. N'chifukwa chake amayeserera mpaka kalowe m'thupi, kuti pa kamera asamaganizenso za pakamwa.

Pa The Underground Railroad Jenkins anaikanso mlangizi wa zamaganizo pamalo ojambulira, chifukwa kusewera zokwapulidwa ndi kugulitsidwa miyezi yambiri kumamulowa munthu.

Self_Tape_Mw
Pa za America tionjeze mapepala, chifukwa luso lokha silikulowetsa pa bwalo la ndege. Visa ya alendo siilola kugwira ntchito. Osewera akunja ambiri amalowa ndi O-1B, imene kampani kapena agent wa ku America amakupemphera, ndipo imafuna umboni woti ndiwe wodziwika pa ntchito yako: mbali zikuluzikulu zimene watsogolera, nkhani za m'manyuzipepala zonena za iwe, makalata a akatswiri, ndi mphoto zazikulu kapena kulowa pa mndandanda wa opikisana. Apa m'pamene kupikisana kawiri pa International Emmy kumalemera ngakhale sunapambane. Ndiye wachinyamata asunge chilichonse: nkhani ya mu nyuzipepala, pulogalamu ya sewero, kontirakiti, chithunzi cha poster. Zaka 5 zikadutsa zimenezi sizipezekanso.

KameraWachiwiri
Timalize mndandanda wa a Kaliwo, poti anaimira pa 2021. The Woman King, ya Gina Prince-Bythewood, ndi Viola Davis, inali filimu yake yoyamba yaikulu ya Hollywood, koma anaijambulira kwawo ku South Africa. Asanayambe anakhala miyezi ingapo pa maphunziro a thupi: kunyamula zitsulo, kuthamanga, kumenyana, kugwira chikwanje, chifukwa director ankafuna kuti osewera azichita okha ndewu zambiri kuti kamera isamadule pobisa nkhope. Anayamba kujambula mu November 2021, anaima patangopita masabata ochepa chifukwa cha Omicron, mtundu wa Covid-19, n'kuyambiranso mu January 2022. Kuima kotero n'kovuta kwa wosewera, chifukwa thupi liyenera kuoneka chimodzimodzi pa scene imene theka lake linajambulidwa chaka chatha. Filimuyo inaonetsedwa koyamba ku Toronto mu September 2022. Mu 2024 Jenkins anamuitananso, ulendo uno pa mawu okha, mu Mufasa: The Lion King.

Dzuwa_Lawala
Ndamva. Ine ndikadali pa mfundo yoti anzake a m'kalasi ku Wits anaphunzira zomwezo koma sitikuwadziwa. Komabe za tepi ndi za visa sindimazidziwa.

Nambewe_K
A Self_Tape, funso lomaliza. Wachinyamata amene sanasewerepo mu filimu iliyonse, showreel aitenga kuti? Angatenge scene ya mu filimu yotchuka n'kuisewera yekha?

Self_Tape_Mw
Asatero, achemwali. Woonera amakumbukira amene anaisewera poyamba n'kuyamba kufananiza, ndipo wachinyamata sangapambane pamenepo. Apeze mnzake wolemba amulembere ma scene awiri atsopano, lililonse la tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka: lina lachete, la anthu awiri akukambirana nkhani yovuta, lina lopepuka. Limodzi likhale m'Chichewa ndi mawu a Chingerezi pansi, linalo m'Chingerezi. Ajambule monga ndafotokozera pamwambapo, ndipo potumiza alembe poyera kuti ndi zodzijambulira. Akadzapeza mbali yeniyeni, ngakhale ya mizere itatu, apemphe kope la scene yakeyo polemba kontirakiti, chifukwa kujambula kukatha opanga filimu sayankhanso foni msanga.